Mlandu ku Lilongwe, chilango ku Ntchisi

Mnyamata wa kwa Malenga kapena kwa Kalumo ku Ntchisi akapalamula mlandu waung'ono ku Lilongwe, kumene anapita kukasaka maganyu, khoti likhoza kumupatsa chilango chomwe ambiri amangochitchula kuti komyuniti sevisi, ndiko kugwira ntchito yothandiza anthu popanda malipiro m'malo mopita kundende. Funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti ntchitoyo akaigwire kuti: mumzinda momwe walakwira, kapena kumudzi komwe ali ndi denga ndi munda? Ine ndikuti chilangochi chiyenera kumutsata munthu kwawo, malinga ngati khoti lenilenilo ndi limene lamutumizako. Chifukwa chake chimaoneka bwino tikaunika mawu amene a zamalamulo amagwiritsa ntchito, poti ambiri amasokonezeka pa mawuwo asanafike n'komwe pa nkhani ya malo.

Mawu oyamba ndi kuimitsa. Ndime 339 ya lamulo loyendetsera milandu, la Criminal Procedure and Evidence Code, imalola khoti kuti likaona kuti wolakwa akuyenera chindapusa kapena ndende yosapitirira miyezi 12, liimitse chilangocho bola munthuyo agwire ntchito maola amene khoti latchula. Chilango choimitsidwa sichinafafanizidwe ayi, chikungodikira. Apa m'pamene achibale amalakwitsa, akamaimba nthungululu panja pa khoti kuti mwana wawo wawina mlandu. Sanawine, wapezeka wolakwa, ndipo dzina lake lalembedwa. Komyuniti sevisi imasiyananso ndi belo, amene amaperekedwa mlandu usanagamulidwe, imasiyana ndi chipepeso, chomwe chimapita kwa wolakwiridwa, ndipo si ntchito yakalavulagaga ija ya akaidi ovala yunifolomu okhala ndi msilikali kumbuyo. Wa komyuniti sevisi amagona kunyumba kwake, m'mawa n'kuyenda yekha kupita kuntchito. Dziko lino linakhazikitsa malamulo ake a chilangochi mu 2000, potengera chitsanzo cha Zimbabwe, kumene mu 1997, mumzinda wa Kadoma, nthumwi za maiko a mu Africa zinagwirizana zolimbikitsa njirayi pofuna kuchepetsa kuthithikana m'ndende.

Mawu ena atatu amayendera limodzi: maola, malo ogwirira ntchito ndi woyang'anira. Chilangochi chimawerengedwa m'maola, ndipo maolawo sakhala m'mutu mwa munthu, amalembedwa papepala tsiku ndi tsiku. Malo ake ndi a anthu onse, monga sukulu, chipatala, khoti kapena ofesi ya boma. Munda wa mfumu kapena sitolo ya wamalonda siziwerengedwa. Woyang'anira nthawi zambiri amakhala mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa pachipatala, yemwe amasaina pepalalo n'kudziwitsa ofisala wa komyuniti sevisi ngati munthu wajomba. Koma zonsezi zisanachitike, khoti limafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi munthuyu ali ndi malo okhazikika? Pa mawu amenewa ndi pamene mnyamata wa ku Ntchisi amagwera. Ku Lilongwe amagona kwa mnzake ku Mgona kapena ku Kauma, lero pano mawa apo, ndipo palibe mkulu amene angamuikire umboni. Majisitireti akaona choncho, n'zosadabwitsa kuti aganize za ku ndende ya Maula. Chonsecho munthuyo malo okhazikika ali nawo, kungoti ali kuseri kwa mapiri a Dowa, kumene nyakwawa imadziwa amayi ake ndi malume ake omwe. Awiri olakwa mlandu wofanana, wobadwira mumzinda n'kumasesa pachipatala, wochokera kumudzi n'kulowa m'chitolokosi: kusiyana kumeneku si kwa milandu, n'kwa adiresi basi.

Ku America vutoli ndi lalikulu kuposa kuno, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi malamulo ndi makhoti ake. Kuti wolakwa wa ku Texas akayang'aniridwe ku Ohio, panafunika pangano la pakati pa zigawo, lomwe linayamba mu 1937 n'kulowedwa m'malo ndi lina latsopano mu 2002. Ife tilibe khoma lotere. Maboma onse 28 ali pansi pa lamulo limodzi ndi nthambi imodzi ya zamakhoti, ndipo mphamvu ya chigamulo cha majisitireti wa ku Lilongwe siithera pa Mponela. Chotsalira ndi ntchito ya mapepala: khoti lomwe lagamula litchule malo a ku Ntchisi m'chikalata chake, ofisala wa kumeneko alandire uthenga, woyang'anira avomere, ndipo maola akatha pepala libwerere kumene linachokera. Mawu ofunika kuwasiyanitsa pano ndi kusamutsidwa ndi kusamuka. Wosamutsidwa wapita ndi chilolezo cha khoti. Wosamuka yekha, ngakhale atalambula bwalo la sukulu ya ku Malomo mwezi wathunthu, m'mabuku a khoti amaoneka ngati wothawa. Akhoza kumangidwa, ndende yoimitsidwa ija n'kuyamba kugwira ntchito.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo ina ndi yolimba ndithu. Amati kumudzi aliyense ndi m'bale wa mnzake: mphunzitsi wamkulu akhoza kukhala mlamu wa wolakwayo, n'kumasaina maola amene sanagwiridwe. Zimenezi n'zotheka, ndipo sindingazipeputse. Koma mankhwala ake ndi kusankha bwino malo ndi kuyendera modzidzimutsa, osati kutsekera munthu chifukwa chokayikira mlamu wake. Komanso chinyengo cha siginecha n'chosavuta mumzinda, momwe palibe akumudziwa, kusiyana ndi pa Khuwi kapena kwa Nthondo, pomwe mudzi wonse ukudziwa kuti mwana wa uje anamulamula kukumba dzenje la zinyalala, ndipo ukuona ngati lakumbidwa. Ena amati wolakwiridwa ali ku Lilongwe, ndiye sadzaona chilangocho. N'zoona, koma ndendenso sakanaiona, ndipo chomwe chimamufikira iye ndi chipepeso kapena kubwezeredwa katundu, zomwe khoti likhoza kulamula padera. Amene akuganiza kuti kugwirira kwawo n'kumufewetsera wolakwa sanaganizire za manyazi. Kusesa pamaso pa alendo n'kopepuka. Kusesa apongozi akudutsa ndi nkhani ina.

Palinso amene amati imeneyi ndi thangata yovala suti. Mawuwa ndi olemera m'dziko lomwe limakumbukira ntchito yokakamiza ya m'minda ya azungu, yomwe inali chimodzi mwa zifukwa zomwe John Chilembwe anaukira mu 1915, ndipo ndime 27 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kugwiritsa munthu ntchito mokakamiza. Kusiyana kwake n'kwakuti thangata inalibe mlandu ndipo phindu lake linkapita kwa mwini esiteti, pomwe apa pali chigamulo, maola owerengeka, ndipo opindula ndi ana asukulu ndi odwala. Nanga njira inayo ndi yotani? Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana m'ndende zathu kumaphwanya ufulu wa akaidi, n'kulamula boma kuti lichepetse chiwerengero chawo ndi theka m'miyezi 18. Munthu wakuba foni kapena womenyana pamowa akalowa m'menemo mu Disembala, munda wake wa soya ndi mtedza umakhala wosapalira, ndipo banja lake limalangidwa naye limodzi chaka chonse. Akagwira maola ake kufupi ndi kwawo, khasu limamudikira madzulo ndi Loweruka.

Zonsezi zimathera pa malire a dziko. Chigamulo cha khoti la ku Johannesburg kapena ku Tete mphunzitsi wamkulu wa ku Kamsonga sangachisainire. Koma pakati pa Lilongwe, Dowa, Kasungu ndi Ntchisi palibe chifukwa chomveka chotumizira munthu kundende kaamba kosowa adiresi ya mumzinda. Inu amene m'bale wanu akuzengedwa mlandu kutali ndi kwawo, muuzeni atchule mudzi wake, mfumu yake ndi sukulu kapena chipatala chapafupi khoti lisanapereke chilango, ndipo asakwere minibasi yobwerera kumudzi chikalata cha khoti chisanatchule malowo.