Mabo a Simenti ndi Ziboliboli Zapakhomo ku Masambanjati

Mabo oyerekeza ndi luso lopangitsa simenti, penti, matailosi kapena pulasitiki kuoneka ngati mwala wa mabo, mwala wosalala uja wa mizere yokhotakhota womwe umaoneka m'mabanki, m'mahotela ndi pamanda a atsogoleri. Luso lomweli ndi limene limatulutsa ziboliboli zoyera zoika pabalaza ndi pageti. Ku Masambanjati, m'mapiri a kummwera kwa boma la Thyolo, katundu wotereyu amabwera pa lole kuchokera ku Limbe, apo ayi amapangidwa pakhomo pomwepo ndi mmisiri wam'deralo. Chimene chimagamula ngati ndalama yapita bwino si maonekedwe a tsiku loyamba ayi, koma dothi lofiira la katondo ndi chinyezi cha chiperoni.

Mwala weniweniwo umachokera ku mwala wa laimu umene unapsa ndi kupsinjika pansi pa nthaka kwa zaka zankhaninkhani mpaka kusanduka wina. Mizere yake ndi zotsalira za dongo, mchenga ndi chitsulo zomwe zinali m'mwala woyambawo. Wotchuka kwambiri ndi wa ku Carrara m'dziko la Italy, komwe Michelangelo ankatenga miyala yosema. Ngakhale ndi wodula chotero, mabo ndi mwala wofewa: mpeni umaukanda, ndipo madzi a ndimu kapena viniga akadontherapo amasiya banga losachoka ndi sopo.

Malawi alinso ndi mwalawu. Ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka ndi ku Lirangwe anthu akhala akuukumba kwa zaka zambiri, koma wochuluka umathera m'ng'anjo kuti usanduke laimu wopaka nyumba, ndipo miyala ya mtundu womwewu ndi imene imadyetsa mafakitale a simenti. Kucheka mwala kukhala mapale aakulu osalala kumafuna makina odula, choncho mabo opukutidwa bwino amachokera kunja. Anthu a ku Thyolo amene anauonapo pafupi ambiri anauona ku Ndata, pa Mpumulo wa Bata, manda oyera mbee amene Bingu wa Mutharika anamanga mkazi wake Ethel atamwalira mu 2007, ndipo iye mwini anaikidwa pomwepo mu Epulo 2012. Ku Lilongwe mwalawu uli pa chinyumba cha manda a Kamuzu Banda, chomwe chinatsegulidwa mu 2006. Wothyola tiyi kapena mlimi wa nthochi sangafike pamtengo wa mwala wotero, ndiye mpake kuti msika wa zoyerekeza ukukula.

Kuyerekezaku si kwa amphawi okha, ndipo sikunayambe dzulo. M'mabwinja a mzinda wa Pompeii, umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, muli makoma opakidwa mwaluso kuti azioneka ngati mapale a mabo. Cha m'ma 1600 amisiri a ku Carpi, ku Italy komweko, anatchuka ndi scagliola, phala la jipisamu, guluu ndi utoto lomwe likauma ndi kupukutidwa limapusitsa ngakhale odziwa miyala. Zipilala zina za m'nyumba yachifumu ya Buckingham Palace ku London ndi za phala limeneli.

Kwathu kuno mbiri ya pansi posalala imayambira pa kuzira. Mayi amatenga tsiro, amalisungunula m'madzi, amalipaka ndi dzanja, kenako n'kukhula ndi mwala wosalala mpaka khonde kuwala. Ena amasiyanitsa dothi lakuda pansi ndi loyera kapena lofiira m'makoma. Kenako kunabwera simenti yofiira, imene inafala m'nyumba za mabwana a m'maesiteti a tiyi, m'mamishoni ndi m'nyumba za boma: pulasitala wosakaniza ndi okusaidi, wopakidwa polishi wa Cobra ndi kukwechedwa ndi bulashi mpaka munthu kudziona nkhope. M'dera la katondo mtundu umenewu unali wanzeru, chifukwa matope a kumapazi sankaonekera. Mabo oyera amachita zosiyana ndi zimenezi. Amaulula phazi lililonse lochokera kumunda.

Pa njira zonse zoyerekezera, yolimba kwambiri ndi terazo, yomwe inachokera kwa amisiri a ku Venice amene ankatola zibenthu zotsala za mabo n'kupangira pansi pa nyumba zawo. Mmisiri amasakaniza muyeso umodzi wa simenti, yoyera kapena yakuda, ndi miyeso pafupifupi iwiri ya timiyala tophwanya, n'kuthiramo utoto ngati mwini nyumba akufuna. Asanathire phalalo amagawa pansipo m'zigawo ndi timizere ta galasi, buronzi kapena pulasitiki, kuti mng'alu ukabwera utsate mzerewo m'malo modutsa pakati pa chipinda. Akathira amatsendera, ndipo kwa masiku angapo amathirira madzi kuti simenti ikhwime pang'onopang'ono. Pa nthawiyi pansipo pamaoneka ponyansa, ngati phala lopserera pansi pa mphika, ndipo mwini nyumba wosazolowera amayamba kudandaula ndalama zake. Ntchito yeniyeni imadza pambuyo pake: kupala ndi makina kapena mwala wonolera, madzi akuthiridwa, kuyambira mwala wokhakhala mpaka wosalala, kutseka timaenje ndi simenti yamadzimadzi, n'kupalanso. Apo m'pamene timiyala timatulukira, toyera, takuda, tofiirira.

Anthu ambiri a m'midzi ya ku Thyolo terazo amamudziwira kumanda, osati kubalaza. Ziliza zambiri zimene zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya ku Blantyre ndi Limbe ndi za simenti ndi timiyala topalidwa chonchi, pomwe zodula ndi za mwala wolimba wa gilanaiti. Chiliza chimakhala padzuwa ndi pamvula chaka ndi chaka, choncho wofuna kudziwa dzanja la mmisiri angoona chimene anapanga zaka zisanu zapitazo.

Komabe amene alanda msika masiku ano ndi matailosi. Mizere ya mabo imene ili pa iwo ndi chithunzi chosindikizidwa ndi makina pa dothi, n'kuwotchedwa pamodzi ndi khungu lagalasi pamoto woposa madigiri 1,000. N'chifukwa chake munthu akayala makatoni angapo amapeza mzere womwewo ukubwerezabwereza, zomwe mwala wachilengedwe suchita. Matailosi a posileni samwa madzi opitirira theka la 1 peresenti ya kulemera kwake, ndipo asidi wa ndimu sawadya. Pamenepa choyerekeza chaposa mwiniwake. Vuto lake lili pawiri: onyezimira kwambiri amaterera akanyowa, zomwe si zamasewera pa khonde la ku Thyolo m'mwezi wa Juni, ndipo mmisiri akaika simenti m'makona mokha n'kusiya mphako pakati, tailosi imasweka tsiku limene mwendo wa bedi waiponda. Wodziwa amagogoda ndi ndalama yachitsulo pa tailosi iliyonse, ndipo yolira mopanda kanthu mkati amaizulitsa mmisiri asanalandire malipiro otsiriza.

Penti ndiye njira yotchipa, komanso yofuna dzanja la waluso. Khoma kapena chipilala chimayamba chasalazidwa ndi sandipepa n'kupakidwa penti woyera. Asanaumitsitse, mmisiri amadinda mitambo yotuwa ndi siponji kapena kansalu kokwinya, kenako amatenga nthenga ya nkhuku, kuiviika nsonga mu penti wakuda wosungunula, n'kuikoka mopendekera dzanja likunjenjemera dala. Mzere wowongoka umaulula bodza. Akatero amafewetsa ndi bulashi youma, n'kutseka ndi vanishi. Ku England, Thomas Kershaw, yemwe anamwalira mu 1898, anafika poti anthu ankakana kukhulupirira kuti matabwa ake ndi opentedwa. Palinso mapepala okhuthala a pulasitiki omata pakhoma ndi zomata zapatebulo, koma awa amabisa chinyezi kumbuyo kwawo.

Chinyezicho ndiye mutu wa nkhani ku Masambanjati. Mvula ya dzinja ikatha, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza yotchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone ku Mozambique. Tiyi amakondwa nayo, makoma ayi. Nyumba ya njerwa zowotcha imene inamangidwa popanda pepala lapulasitiki pamaziko imakoka madzi kuchokera pansi, ndipo penti wa mabo amatupa n'kusendeka m'munsi mwa khoma. Madontho ogwa kuchokera pa malata amawaza katondo pa chilichonse choyera chimene chili pafupi ndi nthaka.

Ziboliboli nazo zimasiyana pa mayeso omwewa. Zopepuka zoyera zoika pa kabati, monga agalu, nkhunda, angelo, ndi zifanizo za Amayi Maria m'mabanja a Chikatolika, kawirikawiri zimakhala za pulasitala wa jipisamu, yemwe achipatala amamangira chikhakha pa mkono wothyoka. Amauma m'mphindi zochepa ndipo amatulutsa bwino tsitsi ndi makwinya a chovala, koma amamwa madzi n'kufumbutuka. Malo ake ndi m'nyumba basi. Zina ndi za utomoni wa m'fakitale wosakaniza ndi ufa wa mwala, ndipo zambiri zotere zimachokera ku China. Mvula siziopa, koma dzuwa limazisandutsa zachikasu. Nzeru yopangira mabanja wamba ziboliboli zooneka ngati za mabo inakula cha m'ma 1840 ku Stoke-on-Trent, pamene makampani a Copeland ndi Minton anayamba kuumba zifanizo za dothi loyera lotchedwa Parian.

Zoyenera panja ndi za simenti: mikango iwiri ya pageti, ziwombankhanga, miphika ya maluwa, ndi timizati tokhala ngati mabotolo totchingira khonde. Mmisiri amapaka mafuta m'chikombole, amaika waya kapena chitsulo pakati, amathira simenti ndi mchenga wosefa, n'kugogoda m'mbali kuti mpweya utuluke. Chikombole chikatopa, mkango umatuluka nkhope yofafanizika, ndipo ena amaoneka ngati galu wokalamba, koma eni ake amawakonda choncho. Chimene chimapha chiboliboli chotere ndi chitsulo chamkati: chikayandikira khungu, chinyezi chimachipeza, dzimbiri limatupa, mwendo n'kung'aluka.

Si nyumba iliyonse imene imalandira zifanizo za anthu. M'dera limene mishoni ya Malamulo ya mpingo wa Seventh-day Adventist yakhala ku Makwasa kuyambira 1902, ndipo CCAP ndi mipingo ina ili ndi anthu ambiri, mabanja ochuluka amazipewa pa zifukwa za chipembedzo ndipo amasankha nyama, maluwa kapena mawu a m'Baibulo a m'felemu. Ziboliboli zamtengo, zomwe Malawi amadziwika nazo kudzera m'malo ngati KuNgoni ku Mua, omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, zimagulidwa kwambiri ndi alendo kusiyana ndi eni dziko, chonsecho mtengo wa phingo wopakidwa polishi umapirira chinyezi cha m'nyumba kuposa jipisamu.

Kasamalidwe ka zonsezi n'kosavuta. Terazo ndi mabo enieni amafuna madzi ndi sopo wamba, osati mankhwala otsukira chimbudzi, chifukwa asidi amadya timiyala take. Chiboliboli cha jipisamu chimapukutidwa ndi kansalu kouma. Cha simenti chimakhazikidwa pa njerwa kapena pa kachipilala kuti chitalikire matope, ndipo ndere zikachita zobiriwira chimakwechedwa ndi bulashi, n'kudikira dzuwa la Seputembala kapena Okutobala kuti chiume mpaka mkati chisanapakidwenso penti.