Duwa Lofiira pa Nsalu Yoyera: Mbiri ya Kukometsa Nyumba Zathu

Pamene tikukumbukira zaka zimene Chigwirizano chathu chayenda kuyambira m'chaka cha 1940, ambiri a ife tikumbuka maulendo oyendera odwala, kusesa m'nyumba ya Mulungu, kutonthoza anamfedwa ndi kulangiza ana athu. Zonsezi ndi ntchito zazikulu ndithu. Koma ilipo ntchito ina yaing'ono imene siilembedwa m'mabuku a misonkhano, ngakhale kuti mlendo aliyense wolowa m'nyumba ya mayi wa Chigwirizano ankaiona ndi maso ake. Tikunena kansalu koyera ka pa tebulo, kokhala ndi duwa lofiira pangodya pake. Kansalu kameneka kali ndi mbiri, ndipo tifuna kuilongosola pano kuti ana athu adziwe kumene kanachokera.

Nthawi ya Dothi

Kukometsa nyumba sikunabwere ndi Azungu ayi. Kalekale mwamuna akatha kuimika nsichi ndi kufolera denga, ntchito yozira inkatsalira mkazi. Mayi aliyense ankadziwa kumene kuli dothi lakuda la kudambo, kumene kuli katondo wofiira, ndiponso kumene angakumbe dothi loyera. Pansi ankazira ndi tsiro lakuda, nakulungiza ndi mwala wosalala kufikira pachita kunyezimira. Atatero ankapaka mzere wofiira kapena wakuda m'munsi mwa khoma kuzungulira nyumba yonse, ndi mzere wina m'mbali mwa khomo. Khoma lonse linkakhala la mtundu umodzi, koma mzere umodziwo ndiwo unkakopa maso. Popeza mvula inkakokolola zonsezi chaka ndi chaka, ntchitoyi ankaibwereza akatha kukolola, ndipo mudzi wonse unkaoneka ngati wasamba.

Chinenero chathu chomwe chimachitira umboni nthawi imeneyo. Mawu akale enieni a mitundu ndi atatu: kuda, kufiira ndi kuyera, ndipo imeneyi ndiyo mitundu ya dothi, makala ndi phulusa. Mitundu ina timaitchula poifanizira ndi zinthu. Wachikasu tinautenga ku muzu wa chikasu, wamtambo tinautenga kumwamba, ndipo wobiriwira timauona pa msipu. Amene anafikako ku Chongoni m'boma la Dedza adziwa kuti m'mapanga a kumeneko muli zithunzi zofiira ndi zoyera pa malo 127, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zambiri mwa zithunzi zoyerazo zinali za malangizo a atsikana. Tsono manja a akazi a dziko lino anazolowera utoto kalekale.

Kufika kwa Nsalu ndi Ulusi

Makolo athu ankavala chiwondo cha makungwa a mitengo ndi zikopa, ngakhale kuti ena ankaomba nsalu za thonje. David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu. M'zaka zomwezo amalonda a kunyanja yamchere ankabwera ndi mikanda ndi nsalu yoyera yotchedwa merekani. Dzinali linachokera ku America, kumene nsaluyi inkaombedwa isanadzere ku Zanzibar. Pambuyo pake kampani ya African Lakes, imene inayamba m'chaka cha 1878 ndipo anthu anaitcha Mandala, inatsegula masitolo, ndipo amwenye nawo anatsegula awo m'maboma ndi m'mphepete mwa misewu. Merekani ndi biriwita zinafika mpaka kumidzi.

Kunja nako kunachitika chinthu chimene chinatikhudza ife osadziwa. M'chaka cha 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, dzina lake William Perkin, anapeza njira yopangira utoto wofiirira kuchokera ku phula la malasha. Kufikira nthawi imeneyo utoto wa nsalu unkachokera ku mitengo, tizilombo ndi nkhono za m'nyanja, ndipo wina mwa iwo unali wodula kwambiri. Atatulukira njirayi, mafakitale anayamba kupanga utoto wowala wa mitundumitundu pa mtengo wotsika. Ichi ndicho chifukwa chake ulusi wofiira, wachikasu ndi wobiriwira unatha kufika pa shelefu ya sitolo ya kwathu.

Singano pa Mishoni ndi m'Chigwirizano

Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba ntchito pa Mvera m'chaka cha 1889, ndipo Nkhoma inatsegulidwa mu 1896. Mayi Martha Murray anafika pa Mvera mu 1893 nayamba kusonkhanitsa atsikana. M'nyumba za atsikana zimene zinamangidwa pa mamishoni, ana ankaphunzira Mawu a Mulungu, kuwerenga, kuchapa, kusita ndi kusoka. Tiyenera kunena zoona kuti ena mwa aphunzitsi a nthawi imeneyo sanaone luso limene linali kale pa makoma a kumudzi, ndipo ankayesa kuti akuyamba pa thengo. Koma amayi athu analandira singano osataya diso lawo lakale. Mzere uja wa m'munsi mwa khoma anausamutsira m'mphepete mwa nsalu.

Chigwirizano chitakhazikitsidwa mu 1940, ndi Mvano wa anzathu a ku Blantyre mu 1948, luso limeneli linatuluka pa mishoni nilowa m'midzi. Mayi amene anaphunzira kupeta ankaphunzitsa anzake pansi pa mtengo msonkhano ukatha. Ambiri a ife tikumbuka amayi athu akusomola thumba la ufa kapena la mchere, kulichapa kambirimbiri ndi kuliyanika pa udzu kufikira malembo onse afufutika. Nsalu itayera, ankajambula duwa ndi pensulo kapena khala, nayamba kupeta. Ulusi wa mitundu unali wosowa, kotero kuti amayi anayi kapena asanu ankasonkherana kugula mpukutu umodzi nagawana. Palibe amene akanatha kudzaza nsalu yonse ndi maluwa. Duwa limodzi pangodya, masamba awiri obiriwira, basi. Chimene chinayamba chifukwa cha kusowa chinasanduka nzeru, pakuti anaona kuti mtundu wowala umaoneka bwino pamene uli wochepa ndipo pouzungulira pali poyera.

Zaka za Malata ndi Simenti

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nyumba za njerwa ndi malata zinayamba kuchuluka. Amuna obwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare ankafika ndi mabulangete, mbale za maluwa, ndipo ena makina osokera a Singer. Pansi pa simenti pankapakidwa polishi wofiira, makoma ankapakidwa laimu, ndipo m'munsi mwake munkadutsabe mzere wakuda uja wa makolo. M'kabati munkaikidwa makapu a alendo, pa mipando pankayalidwa madoyilo oluka ndi manja, ndipo pakhonde pankakhala maluwa obzalidwa m'zitini.

Mu 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba kuomba ndi kudinda nsalu mu Blantyre kuchokera ku thonje la m'dziko lomwe lino. Fakitaleyi inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Chitenje chinayamba kupezeka mosavuta, pamodzi ndi chija timachitcha java, dzina lochokera ku chilumba cha Java ku Indonesia, kumene anthu a ku Holland anaonera kadindidwe kake. Amayi sankataya kachidutswa. Zotsala za kwa telala zinkasanduka mapilo a pa mpando, timizere ta m'mphepete mwa makatani, ndi zofunda za timagawo tosokedwa pamodzi. Pa ukwati wa mwana wa mnzathu, mphatso ya Chigwirizano inkakhala nsalu ya pa tebulo imene manja ambiri anaigwirapo.

Kodi Lero Tili Pati?

Lero misika yadzaza ndi maluwa a pulasitiki, makatani a m'kaunjika ndi zokongoletsa zochokera kunja. Sitikunena kuti zimenezi ndi zoipa. Chimene chikutidetsa nkhawa ndi ichi: atsikana athu ambiri sadziwa kulowetsa ulusi m'singano, ndipo amayi ena alowa m'ngongole pofuna kuti pabalaza pawo pafanane ndi pa mnansi. Tawaona mabanja akukangana chifukwa ndalama ya feteleza kapena ya sukulu yathera pa makatani. Nyumba yadzaza mitundu khumi yolimbana, koma mtendere mulibe.

Baibulo silidana ndi mitundu yowala. Pa Eksodo 35 timawerenga za akazi aluso amene anapota ndi manja awo ulusi wa mitundu wa chihema chokomanako. Mkazi wa pa Miyambo 31 anaveka banja lake zofiira zosoka yekha. Lidiya wa pa Machitidwe 16 ankagulitsa nsalu zofiirira, ndipo anatsegula nyumba yake kulandira atumiki a Ambuye. Onsewa luso lawo linatumikira Mulungu ndi anthu, osati kudzionetsera. Ngakhale chovala chathu chomwe chimatiphunzitsa: duku loyera, bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, zopanda chodzikometsera, koma gulu likamayenda mumsewu palibe amene saliona.

Choncho amayi anzathu, pa chaka chino chokumbukira tiyeni titsegule masutikesi titulutse nsalu zimene anatisiyira amayi athu, tiwaonetse ana ndi zidzukulu. Nkhalamba zimene zikudziwa kupeta, kuluka ndi kuzira zikadalipo pakati pathu, koma sizidzakhalapo nthawi zonse. Nthambi iliyonse ipatule nthawi yoti iwo akhale pansi ndi atsikana, singano ili m'manja. Mwana amene waphunzira kusesa, kuzira, kuchapa nsalu mpaka iyere ndi kupetapo duwa limodzi, ameneyo adzakometsa nyumba yake popanda kugogoda pa khomo la wokongoza ndalama.

Ambuye amene anatsogolera amayi athu kuyambira 1940 adalitse ntchito ya manja athu ndi makomo athu onse.