Tanthauzo la mawu: Ulere

Ulere ndi kulandira chinthu osalipira kanthu. Mawuwa amakoma tikamanena za maphunziro aulere a pulayimale, amene anayamba mu 1994 m'Malawi, koma munthu akatchedwa "wokonda zaulere" ndiye kuti wanyozedwa.

Masiku ano tikumvanso za mapulogalamu aulere a pafoni ophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu pakhomo, monga Khan Academy Kids. Apa ulere ukungotanthauza kuti pulogalamuyo sagulitsa. Bandulo ya intaneti mugula ndithu, kutchajitsa foni mulipira, ndipo ambiri mwa mapulogalamuwa ndi a m'Chingerezi, choncho mwana wa Sitandade 1 amafuna wamkulu womumasulira. Makolo, musanapereke foni kwa mwana, yambani mwatsegula pulogalamuyo nokha muone ngati ilibe zotsatsa malonda.