Za Akazi a ku Mangalande ndi Masankho

Powerenga mbiri ya Mangalande tizizwa ndi cinthu cimodzi. Mfumukazi Victoria inakhala pa mpando kuyambira 1837 kufikira 1901, nilamulira maiko ambiri. Koma masiku omwewo mkazi sanaloledwe kusankha aphungu a Nyumba ya Malamulo. Ndiponso kufikira 1870 ndalama zimene mkazi wokwatiwa anazigwirira nchito zinali za mwamuna wace. Ife kuno, kumene mkamwini alima munda wa kwao kwa mkazi, tiyesa ici cacilendo ndithu.

Mu 1903 Mai Emmeline Pankhurst anayambitsa bungwe la akazi ku Manchester. Iwowa atatopa ndi kupempha anaswa mazenera, naponyedwa m'ndende, nakana kudya, kotero kuti anawadyetsa mokakamiza ndi kapaipi kolowetsa m'mphuno. Kuswa mazenerako sitikuyamika ai, koma kulimba mtima kwao sitingathe kukukana.

Nkhondo ya 1914 itatenga amuna, akazi ndiwo analowa m'nyumba zopangira zipolopolo. Mu 1918 akazi a zaka 30 okhala ndi nyumba, kapena okwatiwa ndi eni nyumba, analoledwa kusankha. Mu 1928 malirewo anatsika kufika zaka 21, monga amuna. Mai Pankhurst anamwalira mu June caka comweco, lamulolo lisanavomerezedwe ndi Mfumu.