Khonsolo ya Makedzana ndi Amayi a ku Mulanje

Pa chaka cha chikondwerero ngati chino timakonda kukumbutsana za iwo amene anatitsogolera m'Mvano. Ife taganiza kuti tikumbutsanenso za dziko limene iwo ankakhalamo, makamaka za ofesi ija imene inkawagogodera pakhomo kaŵirikaŵiri.

Kuno ku Mulanje sikunakhaleko mzinda wokhala ndi meya. Khonsolo ya tauni inayamba ku Blantyre m'chaka cha 1897, koma inali ya Azungu, yosamala za misewu ndi ukhondo wa m'tauni mwao. Kwathu kuno zonse zinali m'manja mwa Bwana D.C. pa boma, limene iwo ankalilemba kuti Mlanje. M'chaka cha 1933 mafumu, monga a Mabuka, a Chikumbu ndi a Mkanda, anapatsidwa mphamvu yoika malamulo ang'onoang'ono ndi kuweruza milandu. Lamulo lokhazikitsa makhonsolo a m'maboma linadza mu 1953, ndipo poyamba wapampando anali D.C. yemweyo. Zoti anthu azidzisankhira okha makhansala zinadza ufulu utayandikira.

Nanga tsiku ndi tsiku ankachita chiyani kumeneko? Kunena zoona, ntchito yaikulu inali ya buku ndi makobiri. Kalaliki ankakhala pa tebulo kulemba ziphaso, mesenjala naayenda m'midzi kuitana anthu. Panali chiphaso cha njinga, cha galu, cha moŵa, tikiti ya pa msika, ndiponso chindapusa cha ku bwalo la mfumu. Ndalama zoterezi n'zimene zinkalipira akalaliki ndi amesenjala, kukonza timisewu ndi timilatho ta mitengo, ndi kuthandizako masukulu ena. Zambiri mwa izo zinkachoka pa mfundo ya nsalu ya mayi.

Tiyambe ndi msonkho wa nyumba, umene unali wa boma lenileni ngakhale mafumu ndiwo ankathandiza kuutolera. M'zaka zoyambirira unali masheleni atatu. Mu 1901 unakwera kufika asanu ndi limodzi, koma munthu akagwira ntchito mwezi umodzi kwa Mzungu ankalipira theka. Cholinga chake n'chosabisika: minda ya Azungu inkafuna manja, ndipo tiyi amene Henry Brown anabzala mu 1891 anali kufalikira m'tsinde mwa phiri. Tsono ife kuno ndife a chikamwini, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe omwe. Nyumba ndi ya mkazi. Mwamuna akathaŵa msonkho, kapena akapita ku Salisbury ndi ku Joni osatumiza kanthu, amene amesenjala ankamupeza pakhomo anali mayi ndi ana ake. M'zaka zoŵaŵa zija nyumba zina zinkatenthedwa, ndipo amayi ena ankagwidwa ngati chikole mpaka mwamuna atabwera ndi ndalama. Alomwe amene anaoloka malire kuthaŵa nkhanza za Apwitikizi, nakhala m'minda ya Azungu, anali ndi katundu wachiŵiri pamwamba pake, ndiye thangata.

Za moŵa tinene mosabisa, ngakhale ife a Mvano sitifulula. Mayi wamasiye wosoŵa pogwira ankafulula masese kuti apeze ya msonkho ndi fizi ya mwana, koma asanagulitse ankayenera kudula chiphaso. Kachasu ndiye anali woletsedwa, ndipo wopezeka naye ankapita ku bwalo. Chotero moŵa umene abusa ankaudzudzula pa gome Lamulungu, kalaliki ankauŵerengera m'buku Lolemba. Ku msika nakonso nkhani inali yomweyo: mayi wasenza dengu la nandolo, nthochi kapena zinanazi kuyambira mbandakucha, sanagulitse n'kamodzi komwe, wa tikiti wafika kale.

Malamulo ena anali othandiza ndithu, ndipo tisakane. Kukumba chimbudzi ndi dzenje la zinyalala pakhomo lililonse kunateteza ana ku matenda a m'mimba. Choipa chinali kabweredwe kake. Taganizani za malimidwe, amene anakula nkhondo yachiŵiri itatha. Anthu analamulidwa kusiya matutu a makolo n'kumalima mizere yopingasa, kukumba milambala, ndi kuzula mapesi pa tsiku loikika. Pa malo otsetsereka ngati athu, kumene mvula imagwa yochuluka, nzeruyo sinali yopusa. Koma amene ankagwira khasu, abambo ali ku tiyi, anali amayi, ndipo palibe anawafunsa. Kapitao wa malimidwe akayeza munda n'kuupeza wolakwika, chotsatira chinali chindapusa kapena ndende. Njala ya 1949 inapeza anthu ali okwiya kale, ndipo pamene chitaganya cha Federation chinkayamba mu 1953, chipoloŵe chimene chinabuka ku Thyolo chinafikanso mbali zathu zino.

Pa misonkhano imene zonsezi zinkakambidwa, pa mipando pankakhala D.C., mafumu, ndi Azungu a m'minda. Agogo athu malo ao anali panja, pa mzere wa pa zenera, mwana kumbuyo, sheleni m'manja. Ena mwa iwo, amene anaphunzira kuŵerenga ku Mishoni, ndiwo ankaŵerengera anzao chiphasocho kuti aone ngati kalaliki walemba ndalama yonse imene walandira.