Khansa Imene Inathawa Firiji

Kumpoto kwa Japan, m'chigawo cha Tohoku, chipale chofewa chimakwirira minda kwa miyezi ingapo, ndipo kale banja lofuna kudutsa nyengo yozizira linkadalira mchere. Nsomba ankazisunga mumchere, ndiwo zamasamba ankazitsendera m'migolo ya mchere, ndipo msuzi wa miso, umenenso ndi wamchere, sunkasowa pachakudya. M'zaka za m'ma 1950 munthu wa kumeneko ankadya magalamu a mchere oposa 20 patsiku, pamene bungwe la WHO lero limati asafike 5. Mwambowu unapulumutsa mibadwo ku njala, koma madera ngati Akita ndi Yamagata anatchukanso ndi khansa ya m'chifu, imene ambiri timangoti khansa ya m'mimba. Ndikuona kuti chimene chinachepetsa nthendayi ndi kusintha kwa moyo wa pakhomo, makamaka kasungidwe ka chakudya, ndipo khansa ya kummero nayonso imayendera momwemo.

Mu 1960, banja limodzi lokha mwa mabanja 10 a ku Japan linali ndi firiji. Pofika 1970 anali mabanja 9 mwa 10. Mayi wokhala ndi firiji sankafunikanso kukwirira nsomba mumchere, ndipo zipatso ndi masamba aawisi zinayamba kupezeka chaka chonse. Mchere wambiri umapweteka khungu la m'kati mwa chifu, choncho utachepa, imfa za khansayi zinayamba kutsika, mpaka mu 1998 khansa ya m'mapapo inailanda malo oyamba pakati pa makhansa opha anthu m'dzikolo. Ku America zinayamba kale. Cha m'ma 1930 khansa ya m'mimba ndiyo inkapha anthu ambiri kuposa khansa ina iliyonse, koma mafiriji atafala inatsika chaka ndi chaka popanda katemera kapena kampeni ya boma. Padziko lonse, khansa imene inali yoyamba pakufala mu 1975 inali yachisanu pofika 2020.

Ena angatsutse kuti gwero lenileni ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren anakaulula ku Perth mu 1982, ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC linatsimikiza mu 1994 kuti kamayambitsa khansa. Akunena zoona, koma zoona zakezo zikuikira kumbuyo mfundo yomweyi. Kachilomboka munthu amakatenga ali mwana, m'nyumba zothithikana ndi m'malo opanda madzi aukhondo. Kanayamba kuchepa pamene mabanja anapeza madzi a m'mipopi ndi zimbudzi zabwino, zaka zambiri dokotala aliyense asanalembe mankhwala okapha. Ena amaloza pulogalamu yoyeza anthu imene Japan anaifalitsa dziko lonse mu 1983. Kuyezako kwapulumutsa miyoyo, koma kumangopeza nthenda msanga, sikuiletsa kuyamba, ndipo ku America khansayi inatsika popanda pulogalamu yotere. Enanso amati ndi za m'magazi. Akanakhala magazi okha, ana a Ajapani amene anasamukira ku Hawaii ndi ku California akanadwala ngati abale awo otsala kwawo. Kafukufuku wa William Haenszel anasonyeza kuti khansayi inkachepa m'mibadwo yobadwira kudziko latsopanolo. Magazi anali omwewo, chinasintha ndi mbale.

Khansa ya kummero ikusonyeza kuti kusintha kwa moyo kumatha kubweretsanso tsoka. Khansayi ili mitundu iwiri. Wina umamera kumtunda ndi pakati pa mmero, ndipo umayenda ndi fodya, mowa, umphawi ndi zakumwa zotentha kwambiri. Umenewu wakhala ukuchepa m'mayiko ambiri olemera ndi ku China. Winawo umamera kumunsi, polowera m'chifu, ndipo umayenda ndi kunenepa kwambiri ndi chilungulira cha zaka zambiri. Kuyambira m'ma 1970 mtundu wachiwiriwu unakwera mofulumira ku Britain ndi ku America, mpaka unaposa woyamba uja pakati pa amuna achizungu. Kukhuta kumene kunathandiza kuthamangitsa khansa ina kunaitana inzake. Choncho chitukuko pachokha si mankhwala; nkhani ili pa zimene chikuika m'kamwa mwa anthu.

Phunziroli likutikhudza, chifukwa Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yofala kwambiri padziko lonse, ndipo yathu ndi ya mtundu woyamba uja. Odwala ambiri amafika kuchipatala nsima itasiya kutsika, ena madzi omwe akukanika kumeza. Mu 1969 Neil McGlashan analemba kale za kugwirizana kwa nthendayi ndi kachasu kum'mawa kwa Zambia ndi ku Malawi. Kafukufuku wa IARC ku Kenya, Tanzania ndi Malawi walozanso mowa, tiyi ndi phala zomwedwa zikadali moto, komanso mano osasamalidwa, ndipo utsi wa nkhuni m'khitchini ukuganiziridwanso. Zipatala ndi madokotala a opaleshoni tikuzifuna ndithu, pakuti wodwala lero sangadikire mbadwo wina. Koma mayi wa ku Akita sanasiye mgolo wake wa mchere chifukwa chodzudzulidwa. Anausiya atapeza njira ina yosungira ndiwo. Mayi wophika kachasu kuti alipirire ana sukulu, ndi mnzake wophika nsima m'khitchini yodzaza utsi, nawonso adzasintha akadzapeza mbaula yabwino ndi ntchito ina yodyetsera ana. Ndalama zolimbana ndi khansa ya kummero zifike mpaka pamafuwa amenewo.