Wenela ndi Teba: Mbiri ya Ulendo wa ku Migodi

Ulendo wa amuna a dziko lino wopita ku migodi ya ku South Africa, komwe anthu amangoti ku Joni, unayamba patangopita zaka zochepa ulamuliro wa atsamunda utakhazikika mu 1891. Boma la Harry Johnston litayamba kutolera msonkho wa nyumba, munthu amene kale ankadalira nkhokwe ndi khola lake anakakamizika kupeza ndalama chaka ndi chaka, pamene ndalamazo zinkapezeka kwa mzungu yekha. M'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu munali thangata, ntchito imene wokhala pamalopo ankagwirira mwini munda m'malo mwa lendi, ndipo nkhanza zake zinali zina mwa zifukwa zimene zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Kwa mnyamata amene anali atamva za malipiro a kummwera, kutsala pamudzi kunali kuvomera umphawi.

Bungwe la eni migodi lolemba anthu ntchito, la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu analifupikitsa nkumaliti Wenela, linayamba kutenga amuna ku Nyasaland cha m'ma 1903, koma ambiri anafa ndi chibayo chifukwa cha kuzizira ndi kuthithikana m'makomboni, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha a kumpoto. Chiletsocho sichinatseke njira, pakuti amuna anapitiriza kupita paselefu, kutanthauza ulendo wodziyendera okha popanda wowalemba, akudutsa ku Tete wapansi ndi kumagwira maganyu m'mafamu a ku Southern Rhodesia kufikira atapeza ndalama yopitirizira ulendo. Komiti ya boma imene inafufuza nkhaniyi mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa iwo anali atasanduka machona, anthu amene anapita osabwereranso ngakhale kulemba kalata. Mtolo weniweni wa ulendowu unagwera amayi, amene ankalima, kufolera nyumba ndi kulera ana okha, kwinaku akudikira mwamuna amene sankadziwa ngati akali moyo.

Wenela itayambanso kulemba anthu m'zaka za m'ma 1930, boma la atsamunda linazindikira kuti phindu linalipo, makamaka kudzera m'lamulo loti gawo lina la malipiro lizisungidwa kuti munthu adzalilandire atabwerera kwawo, chifukwa motero ndalama zakunja zinkalowa m'dziko ndipo msonkho sunkavuta kutolera. Ufulu wa mu 1964 sunasinthe maganizo amenewa. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi wina kufupi ndi Johannesburg, anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, ndipo pofika mu 1973 Amalawi a m'migodi anali atapitirira 100,000, akunyamuka pandege ku Chileka. Obwerera ankafika ndi njinga, wailesi, makina osokera ndi malata, zinthu zimene zinasinthadi midzi yambiri. Koma ena ankafika ndi chifuwa chachikulu kapena mapapo owonongeka ndi fumbi la miyala, matenda amene ankaonekera munthu ali kale pamudzi, kutali ndi dokotala wa kampani.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda anaimitsa ulendowu nthawi yomweyo. Chisoni chinalipo ndithu, komabe sitingaiwale kuti m'zaka zomwezo minda ikuluikulu ya fodya m'dziko muno inkakula mofulumira ndipo inkasowa antchito otsika mtengo, moti ena mwa obwerera anakathera m'mindayo pa malipiro ochepa kwambiri kuposa a kumgodi. Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977, bungwelo litasintha dzina kukhala Teba, koma chiwerengero sichinafikenso pamene chinali kale, ndipo mu 1988 ulendowu unatheratu maboma a Malawi ndi South Africa atasemphana pa nkhani yoyeza Amalawi kachilombo ka HIV asanalembedwe.

Dzina la Wenela latsala pamalo okwerera mabasi mumzinda wa Blantyre, pamene eni mbiriyi, omwe tsopano ndi okalamba, atha zaka zambiri akulondola ndalama zawo za penshoni ndi chipukuta misozi. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi zolipira amene anadwala matenda a m'mapapo m'migodi ya golide, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linapatsidwa udindo wozigawa, kuphatikizapo kwa ochokera m'maiko oyandikana nawo. Vuto nlakuti kulandira kumafuna mapepala a ntchito ndi umboni wa kuchipatala, zinthu zimene mkulu wa ku Mzimba kapena mayi wamasiye wa ku Dedza sangazipeze payekha. Boma la Malawi, limene linapindula ndi thukuta la amunawa kwa zaka zambiri, lili ndi udindo wowafunafuna m'midzi mwawo, kuwayeza ndi kuwathandiza kulemba madandaulo awo akali ndi moyo.